Zikomo nonse, makamaka inu a kochi

Mnyamata wanga watuluka m'chipatala dzulo. M'mawa uno wamwa phala ndipo lakhazikika. Ambuye alemekezeke.

Ambirinu mukudziwa mmene tazunzikira kuno ku Linga. Mwana wothamanga pabwalo ngati uja, kungoyamba kudzuka m'bandakucha ndi nseru, m'mimba mukupota, kusanza mpaka ndulu. Akapezako bwino masabata angapo, zayambiranso. Malungo anamuyeza, sanapezeke. Ena mpaka ankati amulodza anzake a timu.

A kochi, inu ndinu amene munadabwa kuti mwanayu akusambiranji madzi otentha kangapo pa tsiku, nkhuni kutha pakhomo, kunja kuli dzuwa la kunyanja kuno. Munamutengera kuseri kwa nyumba, mwakachetechete, mpaka anaulula kuti wakhala akusuta chamba tsiku ndi tsiku kwa zaka, poti anzake ankati chimachotsa kutopa akachoka kumpira. Simunamukalipire, simunamuchotse mu timu. Munamukweza pa njinga yamoto n'kukawauza adokotala zoona zake, iye ali pomwepo.

Adokotala anatifotokozera kuti matendawa ndi odziwika, dzina lake cannabinoid hyperemesis syndrome, ndipo madokotala a ku Australia analemba za iwo mu 2004. Amagwira amene asuta chamba kwa nthawi yaitali. Madzi otentha amangotonthoza kwa kanthawi, mankhwala oletsa kusanza nthawi zambiri sagwira, ndipo kuchira kwake n'kusiyiratu basi. Chomwe chinandiliza n'chakuti nseru ikamugwira ankawonjezera kusuta, akuganiza kuti ndiye mankhwala ake. Pofika kuchipatala madzi anali atatha m'thupi, milomo itauma gwaa, mpaka anamuika madiripi kuopera impso.

Anamwino a usiku, zikomo. Amayi a mvano amene munkabwera ndi phala m'mafulasiki, alamu anga amene munandisungira ana, Mulungu akubwezereni pomwe mwachotsapo. Koma inu amene mumamunyamula m'mwamba akagoletsa, ndi inu mumamupatsira ndudu kuseri kwa bwalo, ngakhale foni sitinaimve. Taona.

A kochi, ndibwererenso kwa inu. Munagona pa benchi yapakhonde, udzudzu ukukulumani, chonsecho muli ndi banja lanu ku Dwangwa. Mwana si wanu koma munamutenga ngati wobala nokha. Ndilibe choti ndikupatseni bambo.

Nkhondo sinathe abale. Tulo sakupeza, chakudya akudya monyinyirika, ndipo sachedwa kupsa mtima. Atichenjeza kuti akangoyambiranso kusuta, kusanza kubwereranso. Pitirizani kumutchula m'mapemphero anu, ndipo wobwera kudzamuona abwere wopanda kanthu m'thumba.