Ku Rosario bwalo la hockey amalithirira ngati dimba

Kuchokera pa depoti ya mabasi ya Retiro ku Buenos Aires, likulu la Argentina, kufika ku Rosario ndi makilomita pafupifupi 300, maola anayi pa basi. Nyamulani juzi, m'mabasi akumeneko mumazizira ngati mu fuliji. Mtengo wa tikiti musadalire umene wina anakuuzani chaka chatha, ndalama yakumeneko, peso, siikhazikika.

Bwalo la hockey lotchedwa dzina la Luciana Aymar, katswiri wamkazi wa masewerawa, lili kumadzulo kwa mzinda, kutali ndi mtsinje wa Paraná. Mukapite msanga masewera asanayambe, muone mipopi ikuwaza madzi pa kapeti yonse mpaka kunyowa chonyowa. Mlendo amadabwa, udzu wapulasitiki nkumauthirira bwanji? Chifukwa chake n'chakuti mpira wa hockey ndi wolimba, wolemera magalamu pafupifupi 160. Kapeti ikauma umadumphadumpha, ndodo imakakamira, ndipo wosewera akagwa khungu la pabondo limasupuka. Ikanyowa mpira umatsetsereka molunjika. Dzuwa likaswa mtengo amathiriranso pa nthawi yopuma. Musakhale m'mphepete mwenimweni, mphepo ikatembenuka munyowa ndithu.

Pa kapeti yonyowa chonchi m'pamene luso la Aymar limaonekera. Lamulo limaletsa kugunda mpira ndi kumbuyo kwa ndodo, mbali yobulungira, choncho pozemba mdani dzanja lamanzere limapotoza ndodo, lamanja likungoigwira mopepuka. Ambiri akathamanga liwiro mpira umawathawa. Iye ankathamanga mpira uli pandodo ngati waumata, n'chifukwa anzake ankamutcha La Maga, kutanthauza wamatsenga.

Anabadwira mumzinda womwewu mu 1977, nayamba kusewera ku kalabu ya Fisherton. Ndi timu ya dziko, Las Leonas, anatenga World Cup ku Perth mu 2002, kenaka pabwalo lomweli mu 2010 atagonjetsa Netherlands 3-1. FIH, bungwe loyendetsa hockey padziko lonse, inamusankha kukhala wosewera wopambana padziko lonse kasanu ndi katatu. Ku Olympics anabweretsa siliva ku Sydney mu 2000 ndi ku London mu 2012, bronze ku Athens ndi ku Beijing. Golide yekha ndiye anamukana mpaka anasiya mu 2014.

Wokhala naye pafupi akakupatsani mate, chakumwa chamasamba chonga tiyi chimene amapatsirana m'chikho chimodzi, imwani yonse, kachubu kachitsuloko musakagwedeze. Musanene gracias (zikomo) msanga, kumeneko ndiye kuti mwakhuta, chikho sichibweranso kwa inu.