Manambala 71 ndi 141 pa makina a fotokope

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikudina 71% kapena 141% pa makina a fotokope osadziwa kuti manambalawa anachokera kuti. Ndinkangoti opanga makinawo anasankha mwachisawawa.

Sabata ino, pa phunziro la zosindikiza, aphunzitsi anatigawira mapepala a A4, aja a mamilimita 210 mulifupi ndi 297 mulitali, n'kutiuza kuti tiwapinde pakati. "Tayezani tsopano," anatero. Rula inasonyeza 148 ndi 210, A5 imeneyo. Tinapindanso, pepala linachepa koma kaonekedwe kake osasintha ngakhale pang'ono. Chinsinsi chake n'chakuti mulitali nthawi zonse ndi mulifupi kuchulukitsa ndi 1.414, sikweya ruti ya 2. Ndiye ukamakulitsa A4 kuti ikhale A3, yomwe ndi ma A4 awiri, umadina 141%, ukamachepetsa umadina 71%, ndipo palibe chodukira m'mbali. Ndinaseka ndekha, zaka zonsezi yankho lili m'manja mwanga!

Chinandikoma kwambiri ndi nkhani ya kulemera. Kholo la mapepala onsewa ndi A0, la 841 ndi 1189, lomwe ndi sikweya mita imodzi. Ukalipinda kanayi umapeza ma A4 okwana 16. Choncho pa phukusi akalemba 80 gsm, kutanthauza magalamu 80 pa sikweya mita imodzi, ndiye kuti pepala limodzi ndi magalamu 5, ndipo rimu ya mapepala 500 ndi makilogalamu awiri ndi theka. N'chifukwa chake mkono umalema ukanyamula marimu angapo.

Mbiri yake tinangoidutsa. Wasayansi wa ku Germany Georg Christoph Lichtenberg anatchula za muyezowu m'kalata yake mu 1786, injiniya Walter Porstmann anaukonza kukhala muyezo wovomerezeka wa ku Germany wotchedwa DIN 476 mu 1922, ndipo mu 1975 unakhala muyezo wa padziko lonse wotchedwa ISO 216.

Koma sikuti dziko lonse linavomera. Ku America ndi ku Canada amagwiritsa ntchito Letter, yomwe ndi 216 ndi 279, yonenepa pang'ono koma yaifupi ndi mamilimita 18. Apa mpamene ndinamvetsa vuto lomwe linandisowetsa mtendere chaka chatha. Kalata yanga yofunsira ntchito inkataya mizere iwiri yomaliza patsamba lachiwiri, chonsecho pansi pa tsamba loyamba patatsala malo. Ndinachepetsa zilembo, ndinadula ziganizo, mpaka ndinanyoza pulinta yosalakwa. Nditafika kunyumba kuchokera ku phunziroli ndinatsegula fayilo ija n'kuyang'ana pa kukula kwa pepala. Panalembedwa Letter.