Za chithunzi cha kompyuta ya mu foyilo chija

Eya, chithunzi mukutumizirana chija ndi chenicheni, kompyuta ndinaikulungadi mu foyilo. Koma mumve kaye mbali yanga.

Makinawa anali atayamba misala, blue screen (sikirini ya buluu imene Windows imaonetsa ikagwa) pafupipafupi, fayilo wasunga bwinobwino lero mawa ikukana kutseguka. Ndinafufuta Windows nkuikanso, ndinamukalipira mng'ono wanga kuti magemu ake abweretsa vayirasi mpaka mwana anasiya kundipatsa moni. Kenako usiku wina ndinawerenga zoti mu RAM, memory imene kompyuta imasungamo zinthu ikamagwira ntchito, bit imodzi imatha kutembenuka yokha, 0 nkusanduka 1, chifukwa cha ma cosmic ray, tizidutswa tosaoneka ndi maso tochokera mlengalenga. Ndipo si nthano ayi, ku Schaerbeek ku Belgium mu 2003 makina ovotera anamuwonjezera munthu mavoti 4096 ndipo ofufuza anakayikira zomwezi. Ngati zinachitikira chisankho, ine ndi ndani?

Ndiye ndinakulunga. Mbali zonse, kutsogolo kumbuyo, ngakhale timabowo ta fani ndinatseka mosamala ndi chala poti mdani akhoza kulowera pomwepo. Ndinaima chapatali manja mchiuno, chinthu chikunyezimira ngati chombo chopita ku mwezi, mtima uli mbee. Fani mkatimo inayamba kulira, poyamba chapansipansi kenako mokuwa zoti aneba akanatha kubwera kudzazonda, ine nkumagwedeza mutu kuti eee ikulimbana nawo. Ndinagwira foyilo, moto! Ndinati umboni ndi umenewu, ma ray akugunda nkubwerera. Ndinakokanso mpando kuti ndionerere bwino nkhondoyo. Kenako phii, yazima.

Mnzanga amene anajambula chithunzicho, atamaliza kugubuduka pansi, anabaya flash ya memtest86, pulogalamu yoyeza ngati RAM ili bwino. Sipanatenge nthawi, sikirini yonse mizere yofiira, ma address (malo a mu RAM) omwewo kubwerezabwereza. Ka RAM kamodzi kanali kowola basi. Mnzangayo akuti Linux, imene ena amagwiritsa ntchito mmalo mwa Windows, umatha kuiuza kudzera mu GRUB, pulogalamu yoidzutsa, pa lamulo lotchedwa badram, kuti malo owonongekawo izingowadumpha, Windows nayo imasunga mndandanda wa malo oipa mu memory, ndipo ma server, makompyuta akuluakulu a makampani, amagwiritsa ntchito RAM ya ECC yomwe bit imodzi ikatembenuka imaikonza yokha. Zoti ma neutron, tizidutswa tobwera ndi ma cosmic ray aja, amaboola denga la nyumba osamva kanthu ndiye foyilo ingawatani, zimenezo anandiuza misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka.

Koma tinene chilungamo, ine ndinalondola kuti vuto lili mu memory, amene munkati vayirasi nonse munaphonya. Ndipo makompyuta ambiri a anthu wamba sabwera ndi ECC, ngakhale Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux, anadandaulapo zimenezi mu 2021, ndiye munthu adziteteze ndi chani?

Ka RAM kaja tinakazula, kompyuta ikuyenda ndi theka, pang'onopang'ono koma siikugwanso. Mng'ono wanga akufuna ndimupepese pamaso pa anthu onse m'nyumba. Ndikuganizirabe, poti magemu akewo nawonso sindinawakhulupirire kwenikweni.