Zimene mliri udatiphunzitsa ife ophunzira zofalitsa mauthenga ku Chirunga

Pamene Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza pa 20 Marichi 2020 kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha Covid-19, ife amene tinkaphunzira zofalitsa mauthenga ku Chancellor College tidamanga katundu n'kuchoka ku Chirunga, kumene kuli kolejiyi mumzinda wa Zomba, popeza sukulu zonse zidatsekedwa pa 23 Marichi, ngakhale kuti m'dziko muno munali musanapezeke wodwala ndi mmodzi yemwe. Odwala atatu oyamba adalengezedwa pa 2 Epulo, ine ndili kale kwathu ku Chinamwali.

Zokambirana za m'kalasi zidasamukira pa WhatsApp, ndipo amene analibe ndalama ya bandulo ankamva zonse mochedwa. Komabe ntchito imene ndimanyadira kwambiri pa zaka zanga zonse za ku koleji tidaigwira m'miyezi imeneyo, pamene mphunzitsi wathu wina adatipempha kuti tilembe mauthenga a zaumoyo m'Chichewa choti agogo a ku Jali kapena msodzi wa ku Kachulu amve popanda womasulira.

Mkangano waukulu udabuka pa mawu akuti "kachilombo". Kwa zaka zambiri Mmalawi akamva kuti uje ali ndi kachilombo amaganiza za HIV, ndipo amatsitsa mawu polankhula. Tidaopa kuti manyazi omwewo angachititse munthu wotsokomola kubisala m'nyumba m'malo moimba foni pa 54747, nambala yofunsirapo thandizo la zaumoyo, choncho ambiri tidasankha kunena "matenda a korona" ndi kutchula zizindikiro zake poyera. Mawu akuti "m'bindikiro" nawonso adatisautsa, chifukwa amene amabindikira amakhala ndi womupatsa chakudya, pomwe mayi wogulitsa tomato mumsika wa Zomba amadya zimene wapeza tsiku lomwelo. Sindidadabwe pamene mavenda adakwiya ndi m'bindikiro wa masiku 21, umene Khoti Lalikulu lidauimitsa pa 17 Epulo usanayambe. Za kutalikirana mita imodzi, aliyense amene adakwerapo minibasi ya ku Limbe akudziwa mmene uthengawo unkamvekera.

Mu Januwale 2021 zinthu zidafika poipa. Nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi, pa 12, ndipo nyumba ya boma ya kuno ku Zomba idasandutsidwa chipatala. Kuchipatala komweko n'kumene Pulezidenti Lazarus Chakwera adabayitsa katemera wa AstraZeneca pa 11 Marichi, atolankhani akujambula, patangopita masiku ochepa chifikireni katemera wokwana 360,000 kudzera ku COVAX, ndondomeko ya dziko lonse yogawira maiko katemera.

Apa ntchito yathu idasanduka yolimbana ndi mphekesera zakuti katemerayo ndi chizindikiro cha 666 kapena kuti amatseketsa kubereka. Ine ndi anzanga tidajambula pa foni timasewero tifupitifupi, potengera mwambo wa zisudzo zachitukuko umene Chirunga imadziwika nawo, n'kumatitumiza m'magulu a mipingo ndi a mabanki a m'mudzi. Tidaona kuti sewero limene wokayika amaloledwa kufunsa mafunso ake onse linkayenda kutali kuposa limene dokotala amangolalikira. Pamene boma lidatentha poyera katemera 19,610 wotha mphamvu mu Meyi, tidatha sabata yathunthu tikutsutsana ngati utsi umenewo udalimbitsa anthu mtima kapena udawonjezera mantha, ndipo ine ndidali kumbali ya onena kuti kubisa kukadawononga koposa.

Mwezi womwewo, pa 4 Meyi, koleji yathu idaima payokha n'kutenga dzina la University of Malawi, koma ineyo nkhani yaikulu ndidaimva kunyumba. Azakhali anga, amene adalumbira kuti sadzabayitsa, adamvetsera kasewero kathu kawiri, kenaka adandifunsa ngati jakisoniyo ndi yemwe uja adabayitsa a Pulezidenti. Nditavomera, adatenga chitenje chawo nati ndiwaperekeze kuchipatala.