Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: nyota zinandichotsa pansi pa lole

Gawo lapita lija tinalekezera pomwe ndinamaliza depoti, maphunziro oyamba a usilikali, ku Salima nkutumizidwa kuno ku Zomba. Ena mwandifunsa ku inbox kuti nanga ku wekishopu ndinapezekako bwanji poti ndinalowa ngati msilikali wamba. Nkhani yake njachidule, ndinali ndi kapepala ka umakaniko ka giredi 3 komwe ndinapeza ndisanalowe, bwana wina atakaona anangoti iwe mawa ukaonekere kwa amisiri. Basi.

Kumeneko nkomwe ndinakumana ndi munthu yemwe lero ndikufuna ndimukambe mofatsa. Dzina sinditchula, ife tonse tinkangoti Madala. Anali kopolo, ndipo anali atakhala pa ukopolopo kuyambira ine ndili kupulayimale. Anali mmodzi mwa aja anapita ku Mozambique kukalondera njanji ya ku Nacala chakumapeto kwa ma 80, nthawi ya nkhondo ya Renamo, ndipo nkhani za kumeneko sankakonda kuzikamba, koma ukawafunsa za mmene ankakonzera malole kutchire popanda masipeya, aaa mutha kuchezera mpaka kucha.

Madala injini ankaimva ndi khutu. Lole ikabwera ikufuka utsi woyera komanso ikukoka mofooka, ife anyamata timathamangira kumasula zinthu, iwo ayi. Amauza dalaivala kuti liza, nkutenga sikuludalaiva yaitali ija, nsonga kugunditsa pa injekita, chigwiriro kukhutu, kumvetsera imodzi imodzi. Kenako amamasula pang'ono paipi ya dizilo ya injekita yomwe akuikayikira, injini ikapanda kusintha kaliridwe ndiye kuti ndi yomweyo yafa. Amangoloza ndi chibwano, "mphwanga, chotsa yachitatuyo." Ukaichotsa upezadi nozo yatsekeka. Pampu ya dizilo, yomwe amakaniko ambiri amaiopa, iwo amaimasula pansalu yoyera atasamba m'manja kaye, tizitsulo tonse kutindandalika mwa dongosolo lake, ndipo ukayandikira ndi manja a girisi amakubweza ndi diso lokha.

Nde funso lomwe linkandivuta ndi loti, munthu ngati ameneyu akhaliranji kopolo mpaka imvi? Yankho aliyense ankalidziwa. Kuti ukwere pa usajeni umayenera kupita kukosi ya utsogoleri, kukakhoza kuyendetsa perete, kuwerenga mapu, kutsogolera gulu pomenya nkhondo, kuima kutsogolo nkuphunzitsa anzako m'Chingelezi. Madala sukulu analekezera sitandade 8, mawu awo anali apansipansi, kukuwa pa perete sikunali kwawo. Anyamata a MSCE omwe iwo anawaphunzitsa kugwira sipanala ankapita kukosi, kubwerako ndi nyota, nkukhala mabwana awo. Palibe munthu anawalakwira, ndinene zoona, mabwana ankawalemekeza kwambiri, Land Rover ya bwana wamkulu ikavuta amaitana iwowo. Koma makwerero ndi amodzi okha, ndipo malipiro, nyumba ya kumalayini, penshoni, zonse zimatsata nyota. Makwerero amenewa tinawalandira kwa Angelezi kuyambira nthawi ya Keyala (King's African Rifles), gulu la asilikali lija linakhazikitsidwa mu 1902 lomwe chipilala chake mumachiona mukamalowa mu Zomba kuchokera ku Blantyre. Anawapangira anthu oyenda pansi ndi mfuti, pomwe wodziwa kwambiri amayeneradi kukhala wotsogolera anzake.

Atapuma Madala anatsegula kagalaja pansi pa mtengo wa mango cha ku Chinamwali. Maminibasi a Zomba-Liwonde ankachita kudikirana pamzere. Ife ku wekishopu pampu ikativuta timaikulunga m'chiguduli Loweruka nkupita nayo komweko, iwo nkumatilandira ndi chimwemwe, "mwabwera ana anga." Luso lomwe linakulira m'usilikali tinayamba kukalipempha kunja kwa mpanda.

Kenako inafika nthawi yanga. Ine sukulu ndinali nayo, mawu ndili nawo, kosi ndinakhoza, usajeni unabwera ndipo kunyumba kunali chisangalalo, mayi a ana anaphika mpunga ndi nkhuku, apongozi anachita kubwera kuchokera ku Jali. Ndinasangalala, ndalama inakwera, tinasamukira m'nyumba yokulirapo. Koma ntchito inasintha tsiku lomwelo. M'mawa kuwerenga anthu, ndani wadwala ndani ali pa tchuthi ndani sanaoneke, kulemba ndandanda wa alonda, kusainira mafomu a masipeya, masana kuweruza mnyamata yemwe wakodwa mu katapila, madzulo mayi wina wakumalayini ali pakhomo kudandaula kuti bambo malipiro athera ku Mpondabwino. Ntchito imeneyi njofunika, gulu lopanda sajeni wosamala anthu limaphwasuka, ndipo alipo anzanga omwe anabadwira zimenezi, amadziwa kulankhula ndi munthu mpaka kumubweza panjira. Ine mtima wanga unali pansi pa lole. Ndimati ndikadutsa pa wekishopu nkumva injini ikulira molakwika thupi lonse limandiyabwa, koma ndili ndi faelo m'khwapa ndikuthamangira ku ofesi.

Maso anga anatseguka nthawi yomwe tinkakonzekera ulendo wa ku DRC. Kunabwera alangizi ochokera ku America, mmodzi mwa iwo anali bambo wachikulire yemwe anapuma ali chief warrant officer. Tikucheza pa nkhomaliro ndinamufunsa kuti kwanu munkalamula anthu angati, iye anati ntchito yake sinali imeneyo, moyo wake wonse unali pa kukonza magalimoto, amalangiza akuluakulu pa za makina ndipo amalandira ndalama yabwino chifukwa cha zomwe amadziwa. Kwathu kuno ma warrant officer, WO2 ndi WO1, ndi mabwana a mwambo ndi perete, RSM, mkulu wa masajeni onse, akatsokomola kampu yonse imaima. Ku America warrant officer ndi katswiri wa ntchito imodzi, makwerero ake ndi asanu, ndipo ambiri oyendetsa ma helikoputa a asilikali apamtunda ndi amenewo.

Bambo uja anandiuzanso mbali yomwe inawakanika a ku America, ndipo pambuyo pake ndinakawerenga ndekha pa intaneti. Mu 1942, nkhondo yachiwiri ili mkati, anayambitsa ma renki a technician, nyota zake zinali ngati za kopolo kapena sajeni koma pansi pake pali chilembo T. Anawathetsa mu 1948. Mu 1955 anabweretsa ma specialist, omwe pambuyo pake anadzatchedwa Specialist 4 kukwera mpaka 9, cholinga chake chomwechi choti mmisiri azikwera malipiro popanda kulamula anthu. Koma anayamba kuwadula mmodzi mmodzi, 8 ndi 9 anachoka mu 1968, 7 mu 1978, 5 ndi 6 mu 1985, kutsala mmodzi yekha wapansi yemwe alipo mpaka lero. Vuto lina linali la ulemu, munthu wa zaka zambiri wolandira ngati sitafu sajeni koma pa ulamuliro ali pansi pa kakopolo ka dzulodzuloli, mikangano yosatha ya ndani atume ndani. Ku Singapore anaiyambanso nkhaniyi mwa njira yawo mu 2010, ma military expert kuyambira ME1 mpaka ME8, a za makina, za chipatala, za ukazitape, ndipo amaloledwa kugwira ntchito mpaka zaka 60. Angelezi eni ake ali ndi gulu la amisiri la REME kuyambira 1942, mmisiri wochita bwino amapita kukosi ya artificer nkutuluka ali sitafu sajeni, ngakhale kumeneko amayenerabe kutsogolera anthu.

Mnzanga wina yemwe tinalowa limodzi, wa mfuti weniweni, nkhaniyi amaikana mpaka lero. Tikakumana amandiuza kuti aise, chipolopolo sichifunsa kuti uyu ndi makaniko, gulu likagwa mu msampha aliyense wovala nyota ayenera kudziwa chochita ndi anyamata ali pambuyo pake. Amandikumbutsa za Novembala 2018 pomwe tinataya anzathu 6 kufupi ndi Beni. Pamenepo ine sinditsutsa, ndinaliko ku nkhalango zimene zija ndipo ndikudziwa. Amatinso gulu lathu ndi laling'ono, ndalama zake nzochepa, ukatsegula makwerero achiwiri aliyense woopa udindo adzathawira komweko.

Koma kuchepa komweko ndi kumene kumandipangitsa kuumirira. Dziko lalikulu likataya mmisiri mmodzi limaphunzitsa ena mawa lomwe. Ife munthu wodziwa injini ya ndege ku Air Wing, kapena ya boti ku Monkey Bay, kapena wodziwa mawailesi ndi makompyuta, kumupanga zimatenga zaka komanso ndalama za kosi zakunja, ndiye akafika pachimake timupatse faelo, kapena timusiye pa ukopolo mpaka makampani amukope? Kumudzi kwathu wosula makasu sapatsidwa unyakwawa chifukwa choti amasula bwino, amalemekezedwa pa makasu akewo ndipo amadya pomwepo.

Maganizo anga ndi oti aliyense ayambe ndi usilikali, depoti yonse, mfuti aidziwe, afike pa ukopolo ngati wina aliyense kuti atha kutsogolera kagulu zinthu zikavuta. Akafika pamenepo njira igawikane. Wofuna anthu apite ku usajeni. Wofuna zitsulo alembe mayeso a ntchito yake, ovuta zedi, oti woopa udindo asathawireko, ndipo akakhoza malipiro, nyumba ndi penshoni zikwere mofanana ndi mnzake uja. Chizindikiro chake chikhale chooneka, ndipo lamulo linene poyera kuti pa perete ndi kunkhondo alamula ndi wa utsogoleri, koma pa funso loti lole iyi inyamuke kapena isanyamuke, mawu omaliza ndi a mmisiri, kuti zija zinawavuta a ku America zisatipeze. Ndipo ntchito imodzi ikhale yokakamiza kwa iye, kuphunzitsa achinyamata, chifukwa zomwe Madala ankadziwa za pampu sizinalembedwe m'buku lililonse la ku wekishopu.

Ine ndinakhala pa usajeni mpaka tinanyamuka ulendo wa ku DRC, ndipo kumeneko, chifukwa cha kuchepa kwa amisiri, anandibwezera ku zitsulo kwa miyezi yonse yomwe tinakhalako. Gawo 10 ndidzakamba za ulendowo, kuyambira tsiku lotsanzikana pa bwalo la ndege mpaka matope a ku North Kivu omwe ankadya ma kilatchi ngati chiyani kaya.