Masabata atatu ndikunamizira antibody, pomwe vuto linali mounting medium

Lero zithunzi zatuluka zowala bwinobwino, ndiye ndati ndilembe mtima usanazizire, ukazizira ndiiwala zomwe zinandipweteka.

Za fixation ndi blocking sindikambapo, amene wafika pa immunofluorescence (kuwalitsa zinthu za m'ma cell ndi ma antibody onyamula dye kuti zioneke pa microscope) amazidziwa kale. Ine zinandigwetsa kumapeto kwenikweni, pa mounting medium, kadontho kaja timaika pakati pa slide ndi coverslip (kagalasi kovundikira). Ndinkangotapa mu ka tube komwe ndinakapeza mu freezer, kolembedwa kuti antifade (mankhwala oteteza dye kuti asazilale) basi, deti palibe, dzina la amene anasakaniza palibe. DAPI, dye wa blue wa nucleus, ikuoneka ndithu, koma green yanga ya dye wotchedwa Cy2 ili ngati koloboyi wotha palafini, background ili mbuu. Ine n'kumati antibody yafa. Ndinasintha dilution, ndinagoneka primary (antibody yoyamba) usiku wonse pa 4 digiri, kubwereza katatu konse, zomwezo.

Tsiku lina bambo wina, tekinishani wakalekale pa labu pathu, anangonyamula ka tube kaja n'kukasuzumira pa windo. "Mwana wanga, ichi chada ngati tiyi wopanda mkaka, ndiye ukuthira pa ntchito yako?" Ndinati pepani bambo, ndimayesa mtundu wake ndi umenewo. Inali PPD, p-phenylenediamine ya mu glycerol. Ikakhala yatsopano imateteza FITC, dye wina wa green, kwambiri, koma ikakhalitsa pa mpweya ndi kuwala imada n'kuyamba kuonjezera background, komanso imaononga ma dye a cyanine makamaka Cy2 yomweyo. Yakale kapena yatsopano, ine sindimayenera kuigwira n'komwe. Ndiye anzanga, musanasankhe mounting medium yambani mwayang'ana dye amene ali pa secondary yanu, antibody yachiwiri yonyamula dye.

Antifade ntchito yake ndi yoti laser ikamamenya dye, oxygen imapanga tinthu tolusa timene timapha dye uja, ndiye PPD, DABCO kapena n-propyl gallate zimatchinga zimenezo. Si zonse zimagwirizana ndi dye aliyense, nkhani yagona pamenepo.

Koma chomwe chinandikwiyitsa zedi ndi ofesi yogula katundu. Kabotolo ka 10 ml ka ProLong Gold, mounting medium yogula imene ndinaitanitsa m'malo mwa PPD, akuti bweretsani makotesheni atatu. Atatu! Ogulitsa zinthu zimenezi ndi angati kuno? Ndinapeza awiri, wachitatu sayankha imelo, fomu yabwerera. Ndapeza wachitatu, kotesheni yoyamba ija yatha masiku ake poti mitengo ya madola sikhala malo amodzi, fomu yabwereranso. Ulendo wachitatu abwana a pa desiki akundifunsa ndi nkhope ya siriyasi ngati mounting imeneyi ndi ya injini ya galimoto ya project, chifukwa ngati ndi choncho ipite ku transport. Ndinaseka koma m'mimba mukuwira. Sayini imodzi inadikira munthu amene anali ku workshop ku nyanja sabata yathunthu, ine ma cell anga ali mu PBS (madzi amchere osungiramo ndi kutsukira ma cell) kukalamba.

Podikira, bambo aja anandiphunzitsa Mowiol, medium yosakaniza wekha, ndipo bola ndikanayambira pomwepo. Mowiol 4-88 magalamu 2.4, glycerol magalamu 6, madzi 6 ml, kusiya maola angapo, kenako 12 ml ya Tris 0.2 M pH 8.5, kutenthetsa pa 50 digiri mpaka isungunuke, centrifuge, DABCO 2.5 peresenti, kugawa m'tima tube n'kusunga pa -20 digiri. pH ija musaichepetse ngati muli ndi FITC, imawala bwino ikapitirira 8. Cy2 wanga anadzuka tsiku lomwelo, antibody yomwe ija ndinkainyoza.

Ndaiwala kunena, ine DAPI ndimathira payokha n'kutsuka, sindikonda yobwera kale mu medium chifukwa yotsalayo imakhala momwemo n'kumachita chifunga cha blue.

Botolo la ProLong Gold litafika ndinapanganso uchitsiru wanga ndekha. Ndinabukitsa microscope ya confocal 9 koloko m'mawa, maola atatu olipira, ma slide ndamaunta 7 koloko tsiku lomwelo. ProLong Gold imafuna maola 24 mu mdima pa kutentha kwa m'chipinda kuti iume, zalembedwa pa pepala lomwe ndinataya limodzi ndi katoni. Nditaika mafuta pa lens ya 63x, coverslip inayamba kutsetsereka kutsatira lens, ma cell kusunthika, medium kutulukira m'mbali, ndipo amene amayang'anira makinawo anandiyang'ana diso loti mpaka pano ndimawazemba pa khonde. Tsiku lonse linapita, ndalama ya maola atatu inapita. Maola 24, ndipo musaiponye mu fridge isanaume.

Ngati mukufuna kuona tsiku lomwelo tengani yosauma ya glycerol ngati Vectashield n'kumata m'mbali ndi kyuteksi, ikauma kyuteksiyo ndiye pa microscope. Yosauma ndi yabwinonso ngati mukupanga z-stack (zithunzi zosanjikizana kuchokera pamwamba mpaka pansi pa cell), poti zouma zija zimafinya ma cell kukhala aphwatalala pang'ono. Refractive index nayo, muyeso wa mmene chinthu chimapindira kuwala, ya medium ifanane ndi ya mafuta: mafuta a lens ndi 1.518, ProLong Gold ikauma imafika cha pa 1.47, ProLong Glass 1.52, ndiye ngati section yanu ndi yokhuthala Glass ndi imene imakulolani kulowa mkati chithunzi chisanasokonekere. Wa ma protein owala okha ngati GFP kapena mCherry ayang'ane ProLong Diamond. Coverslip ikhale nambala 1.5, ndipo PBS yotsala muimwetse pa tishu kaye, kupanda kutero isungunula medium yanu.

Koma dye kaye, dye kaye, kenako slide imodzi yoyesera musanathire pa zonse.

Ka tube kakuda kaja ndinakapereka kotaya makemikolo. Anga a Mowiol ndalembapo deti, dzina langa ndi DABCO 2.5 ndi marker yaikulu, ndipo atatu asowa kale mu freezer.