Lachinayi usiku, ndalama za boma zandilanda tulo

Tulo takana. Mawu a achemwali akungondizungulira m'mutu, ndiye ndangoti ndidzuke ndilembe.

Masana ndinawapeza akuyeserera sewero ndi gulu lawo la zisudzo. Nditawafunsa za thandizo lomwe anapempha ku thumba la boma la zaluso, anangotulutsa kalata m'chikwama n'kundipatsira. Awakana. Akuti pempho lawo silinalongosole bwino phindu lomwe sewerolo lingabweretse pa chuma cha dziko.

"Iwe," anatero akupinda kalatayo, "ndalama ya boma imabwera ndi chingwe. Ukailandira, mawu alionse uziyamba wawayeza usanawatulutse. Bola andikane."

Ndinawatsutsa. Ndinati, achemwali, si kulikonse komwe nduna imaloza ndi chala wolandira. Ku Britain anakhazikitsa bungwe logawa ndalama za zaluso la Arts Council mu 1946, ndipo katswiri wa zachuma John Maynard Keynes ndiye anakankha ganizolo, lakuti boma lizipereka ndalama koma pogawa liziima patali, osankha akhale odziwa zaluso osati andale. Lotale ya dzikolo itayamba mu 1994, gawo la ndalama zake linayambanso kupita ku zaluso.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anafunsa, "Nanga odziwa zalusowo amawaika pampando ndani?" Asanamve yankho anatembenukira kwa mnyamata wina amene amaiwala mawu ake, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chomwe chikundiwawa ine si chingwe chawocho kwenikweni. Ndi fomu. Masamba ambirimbiri, bajeti, zolinga, njira yoyezera zotsatira, umboni wakuti gulu linalembetsedwa. Amene amapambana ndi wodziwa kulemba mapempho, ndipo luso limenelo ndi losiyana kotheratu ndi kusema, kuvina kapena kupeka nyimbo. Achemwali amatha kuliza holo yonse, koma ukawauza kuti alembe misozi imeneyo m'manambala, cholembera chimawagwa. Ndipo phindu la sewero pa chuma ungaliwerenge bwanji? Matikiti? Nanga mwana amene waonera n'kupita kwawo akuganiza mwina, timulemba pa mzere uti?

Kaya ndi kutopa, koma madzulo onse ndakhala wokwiya popanda womukwiyira. Ngakhale nyimbo sizimalowa.

Ndimafuna ndikanawauza za Ireland. Mu 2022 boma la kumeneko linayesa njira ina: anthu a zaluso oposa 9,000 anapempha, ndipo mwa oyenerera anasankha 2,000 mwa maere, aliyense n'kumalandira mayuro 325 pa sabata kwa zaka zitatu. Panalibe komiti yonena kuti ndakatulo iyi yaposa iyo. Ku France nako, wa zisudzo akakwanitsa maola 507 a ntchito m'miyezi 12, amalandira kangachepe pa nthawi yomwe alibe sewero. Kumeneko akuwerenga ntchito, sakuweruza zomwe wanena pa siteji.

Koma ndikamaganiza bwino, mbiri ili ndi zowaikira kumbuyo achemwali. Ku America mu 1935, ulova utavuta, boma linalemba ntchito ojambula, olemba ndi a zisudzo. Wojambula zithunzi Jackson Pollock, asanatchuke, anadyako ndalama imeneyo. Zaka zinayi zokha, mu 1939, nyumba ya malamulo inadula ndalama za nthambi ya zisudzo ya ntchitoyi, yotchedwa Federal Theatre Project, aphungu ena akuti masewero ake akufalitsa chikomyunizimu. Ndi chingwe chomwecho. Chinali chomasuka mpaka tsiku lomwe masewero anayamba kuluma.

Komabe boma likachoka, malo ake sakhala opanda munthu. Pamabwera kampani yofuna dzina lake pa chinsalu, kapena bungwe lofuna sewero lonena uthenga wake wokha. Amenewonso ali ndi zingwe, ndipo iwo sungawachotse ndi voti. Ndalama ya boma ndi ya msonkho, achemwali nawonso amaudula. Kuikana kuli ngati kusiyira ena munda womwe unalima nawo.

Nanga maere aja? Poyamba ndimawaona abwino zedi, chifukwa maere sadziwa mwana wa nduna. Tsopano usiku uno ndayamba kuwakayikira. Tiyerekeze agwera munthu amene anajambula kamodzi chaka chatha, achemwali amene akhala pa siteji moyo wawo wonse n'kutsala. Ndingapirire? Ndikudziwa kuti ndikanayamba kufuula kuti pakhale anthu odziwa oti aziweruza. Ndiye kuti komiti ija ndaibwezanso ndekha, ndi fomu yake yomwe, ndi wina woika anthuwo pampando.

Foni yatsala pang'ono kuzima. Za maerezi sindinathane nazo.